Wamva M'mimba Ndiye Atsekula Chitseko

Makolo athu, amene ankagona anthu ambiri m'nyumba ya khomo limodzi, chitseko chake chabango atachimanga ndi mpiringidzo poopa afisi ndi akambuku, adatisiyira mwambi wakuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Aliyense amene adagonapo m'mphala ali mnyamata adziwa kuti usiku ukakula, moto utazilala, chisanu cha mwezi wa June chikulowera m'ming'alu ya chipupa, palibe munthu amene afuna kuchoka pamphasa pake kukalimbana ndi mpiringidzo. Onse amamva kubuula kwa mnzawo, ena namumvera chifundo ndithu, koma amene adzuka, napapasa mumdima kufikira dzanja lake litagwira mtengo wotsekera uja, ndi yekhayo amene ululu wam'gwira m'kati.

Mwambi umenewu wakhala ukundibwerera mumtima chiyambire tsiku limene ndidawerenga zala n'kupeza kuti bungwe loimira anthu ogula m'dziko muno, la Consumers Association of Malawi, limene ambirife timangoti CAMA, lidakwanitsa zaka 30 m'chaka cha 2024. Lidabadwa mu 1994, chaka chomwecho chimene Amalawi adaponya voti ya zipani zambiri pa 17 May, patangopita miyezi yowerengeka chichitikire riferendamu ya pa 14 June 1993. Ndiye kunena kuti lidabadwa pamene pakamwa pa anthu padali patangomasuka kumene. Wina angafunse kuti bungwe la ogula likhudzana bwanji ndi nkhani ya maulendo. Ine ndiyankha kuti mwa zinthu zonse zimene munthu wa kuno ku Mchinji amagula, palibe chimene amagula ali wofooka monga mpando wa m'galimoto. Mchere ukadula pa okala iyi umapita pa okala ina; chitenje chikakukanika mtengo umachibweza pamulu n'kudikira msika wa sabata yamawa; koma mwana akatentha thupi usiku ku Mkanda, kapena uthenga wa maliro ukafika kuchokera ku Kapiri, palibe mayi amene anganene kuti ndiyembekeze kaye mtengo utsike.

Dziko lathu lino la m'malire silidayambe lero kudziwa kulemera kwa ulendo. Boma la Mchinji, limene kale linkatchedwa Fort Manning potsata dzina la William Manning, msilikali wa Angerezi amene pambuyo pake adadzakhala bwanamkubwa wa Nyasaland, lidakhazikitsidwa itatha nkhondo ya 1898 imene Angoni a Mpezeni adagonja nayo. Ndipo masiku amenewo katundu wa boma, wa ansembe a ku Kachebere ndi wa amalonda ankayenda pamitu ya anthu, eni ake atagona m'machira. Anthu osenza aja ankatchedwa amtengatenga. N'chinthu choyenera kuchisinkhasinkha kuti liwu limene lero talilemekeza kufikira kulipatsa unduna wa boma lidachokera pa nkhata ya pamutu ndi pa khosi lopindika la agogo athu, amene pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse adatengedwa zikwizikwi kukasenza ufa ndi zida za asilikali, ambiri a iwo osabwereranso kwawo. Pambuyo pawo padadza amuna oyenda pansi kupita ku Halale ndi ku Joni, kamba wa chimanga chokazinga ali m'thumba. Ndipo cha m'ma 1930 mkango umodzi udapha anthu oposa 30 m'dera la Fort Manning, kotero kuti kuyenda wekha m'njira kudali kudzipereka m'kamwa mwa chilombo. Kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu. Anthu ankadikirana pamphambano kuti anyamuke gulu, ndipo ine ndiyesa kuti bungwe loyamba la apaulendo m'dziko lino lidali lomwelo, lopanda dzina ndi lopanda mlembi, la anthu osadziwana amene mantha amodzi adawasandutsa abale kufikira atatuluka m'nkhalango.

Ife amene imvi zatituluka tidakulira m'nthawi ya mabasi a United Transport Malawi, amene aliyense ankangoti UTM. Sindifuna kuwakometsa mopitirira muyezo, pakuti ankachedwa, ndipo nyengo yadzinja ankatitimira m'matope kufikira amuna onse atatsika kukakankha; koma adali ndi zinthu ziwiri zimene mwana wa lero sazidziwa, ndizo nthawi yolembedwa ndi mtengo wolembedwa. Munthu ankapatsidwa tikiti, ndipo kapepala kameneko kadali mboni yake pamaso pa aliyense. Mu 1989 kampani ya ku Britain ya Stagecoach idagula mabasiwo, mu 1997 adasanduka Shire Bus Lines, ndipo patapita zaka ngati khumi dzina limenelonso lidazimirira m'misewu. M'malo mwake mudadzaza maminibasi ndi matola, kenaka akabaza a njinga zakapalasa, a njinga zamoto, ndi timagalimoto ta Sienta timene lero tikupikisana pa Kamwendo ndi pa Waliranji.

Tisawanyoze anthu amenewa, pakuti afika kumene basi yaikulu sidafikeko chikhalire. Mnyamata wa kabaza amene apalasa njinga pachitunda, thumba la mtedza ali nalo kumbuyo, thukuta likutsikira m'maso, ndiye wasenza dziko lino m'malo mwa agogo aja. Dalaivala wa minibasi naye ali ndi wom'lamula, amene madzulo aliwonse ayembekezera ndalama yoikika, kaya kudali okwera kaya kudalibe. Mafuta, matayala ndi zitsulo zonse za galimoto zichokera kunja, ndipo pamene kwacha idagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, lita imodzi ya petulo idachoka pa K1,746 kufika pa K2,530. Tidalira ufulu wa malonda ndipo tidaupeza. Koma walira mvula walira matope. Matope ake ndi akuti tsopano mtengo wa ulendo ukhala m'kamwa mwa kondakitala, nusintha ndi mitambo, ndi tsiku la msika, ndi nkhope ya wofunsayo.

Ndisimbe chimene ndidaona ndi maso anga. Tsiku lina, m'nyengo ina yosowa mafuta, ndidakwera minibasi pa Boma kupita ku Lilongwe, ulendo wa makilomita ngati 110 pa msewu wa M12. Oitanira adatiuza mtengo tisanakwere, ndipo tidalipira. Pambali panga padakhala mayi wina wamng'ono, mwana wodwala ali pamiyendo atam'funditsa zitenje ziwiri, m'dzanja atafumbata kabuku kakuchipatala kamene adakakulunga m'pepala la pulasitiki. Adam'tumiza ku chipatala chachikulu cha Kamuzu Central. Lamulo liti anthu azikhala atatu pampando, koma tisanafike pa Kamwendo tidali anayianayi, wina atakhala chokhotakhota pakhomo. Titafika pa Namitete galimoto idaima, kondakitala natsegula chitseko nati, "Makosana, tsikani nonse mukwere iyo ili kutsogoloyo." Apaulendo amati kumeneko n'kugulitsidwa, ndipo liwulo n'loona, pakuti ndidaona ndalama zikuchoka m'dzanja lina kupita m'dzanja lina, ife tikuwerengedwa mitu. Kondakitala watsopano uja adati zimene walandira n'zosakwana, aliyense awonjezere. Mayi uja adamasula mfundo ya pansonga ya chitenje chake, nawerenga timapepala tofota, nawerenganso kachiwiri, nati chapansipansi, "Achimwene, zotsalazi n'zobwererera." Sadam'mvere. Adalipira. Tidalimo anthu oposa khumi ndi asanu, amuna a ndevu zathu, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene adatsegula pakamwa. Ine ndemwe ndidayang'ana kuwindo, ndipo kufikira lero chinthu chimenecho chindilemera mumtima.

Ndakhala ndikudzifunsa chifukwa chake anthu ochuluka chotero angagonje pamaso pa mnyamata mmodzi. Eni maminibasi ali ndi bungwe lawo, la Minibus Owners Association of Malawi. Madalaivala ndi makondakitala adziwana mayina, akumana padepoti m'mawa uliwonse, adyera m'mbale imodzi. Koma okwera ndi alendo, ndipo mlendo ndi mame: akhala pamodzi maola awiri, dzuwa likakwera aliyense wabalalika, wina ku Kanengo, wina ku chipatala, wina ku msika, osadzaonananso. Aliyense aganiza mumtima mwake kuti ndipirire lero lokha, ndikafike. Nchifukwa chake kusonkhanitsa apaulendo kuti alankhule mawu amodzi ndi ntchito yovuta kuposa kusonkhanitsa alimi a fodya, amene minda yawo ichita malire, kapena aphunzitsi, amene alandira malipiro tsiku limodzi. Ndipo nchifukwa chake ndiona kuti zaka 30 za bungwe lolankhulira anthu otere si chinthu chochepa.

Pa mwambo wathu Achewa, munthu sadzinenera yekha mlandu wa m'banja. Pali ankhoswe, amene ntchito yawo ndi kutola mawu a wolira, amene mwina atuluka osokonezeka ndi misozi, nawakonza, nawatula pabwalo mwa dongosolo kuti akulu awamve. Mabungwe onga CAMA, pamodzi ndi la Passenger Welfare Association limene lidadzipatulira nkhani za okwera okha, ndiwo ankhoswe a wogula ndi wapaulendo. Asanabwere, munthu wobedwa pamtengo ankati ndi tsoka langa. Atabwera, pang'onopang'ono liwu lakuti ufulu wa wogula lidayamba kumveka pa wailesi m'chinenero chathu, ndipo mu 2003 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo loteteza ogula. Pa 17 January 2013, kwacha itagwa chaka chapitacho ndipo mitengo ya mafuta ndi ya maulendo itakwera, bungweli lidatsogolera anthu kuyenda m'misewu ya m'mizinda kukapereka madandaulo awo ku boma. Mawu a mkulu wake, a John Kapito, adziwika m'nyumba iliyonse imene muli wailesi. Ndikamawamva ndimakumbukira mkazi wamasiye uja wa m'fanizo la Ambuye, amene adalibe chuma kapena wachibale wamphamvu, koma adali ndi miyendo yobwerera kwa woweruza tsiku ndi tsiku, kufikira woweruzayo, amene sankaopa Mulungu kapena kusamala munthu, adam'weruzira mlandu wake chifukwa cha kutopa. Mphamvu ya bungwe lotere ili pomwepo, pa kubwerera. Pakuti lilibe apolisi, lilibe ndende, lili ndi pakamwa pokha ndi chikhulupiriro chakuti mlandu suola.

Sindinena kuti mawu onse a ankhoswe amenewa adatikomera. Pamene mafuta adasowa m'dziko muno mu 2024, CAMA idapempha kuti mtengo wake ukwezedwe kuti apezeke, ndipo ambiri a ife tidang'ung'udza, tinati nkhoswe yathu yatigulitsa. Koma amene adaona magalimoto akugona pamzere masiku angapo, mafuta omwewo akugulitsidwa m'zigubu kuseri kwa nyumba pa mtengo woposa wa boma, ndi kondakitala akutenga mtengo wa m'chigubuwo n'kuusenzetsa mayi wa mwana wodwala, adzavomereza kuti nkhaniyo idali ndi mbali ziwiri. Nkhoswe imene ikuuza zokoma zokhazokha ndi yokupasulira banja. Ine ndikhoza kutsutsana nayo pa mfundo iyi kapena iyo, koma ndithokoza kuti ilipo yoti nditsutsane nayo.

Tsono pali mlandu umodzi wa kuno kwathu umene ndifuna kuutula pamaso pa ankhoswe pokumbukira zaka 30 zawo, ndiwo wa njanji. Njanji yochokera ku Salima, yomangidwa ndi thandizo la dziko la Canada, idafika ku Lilongwe mu 1979, ndipo mu 1980 idafika ku Mchinji. Mu 1982 idayambika ntchito yoilumikiza ndi Chipata, mtunda wosakwana makilomita 30, umene mnyamata wa kabaza aupalasa m'mawa umodzi. Koma ntchitoyo idagona zaka zambirimbiri, kufikira mu August 2010 pamene a Rupiah Banda ndi a Bingu wa Mutharika adatsegulira njanjiyo. M'katikati mwa zaka zimenezo, mu 1999, boma lidapereka njanji za dziko lino m'manja mwa kampani ya Central East African Railways. Lero sitima yonyamula anthu iyenda kummwera, pakati pa Limbe, Balaka ndi Nayuchi. Kuno ku Mchinji siteshoni ilipo, zitsulo zilipo, koma palibe tsiku la pa sabata limene mlimi wa soya wa kwa Mavwere kapena mwana wasukulu wa kwa Zulu angaime papulatifomu ndi tikiti m'manja. Pa 7 December 2022 a Lazarus Chakwera ndi a Hakainde Hichilema adatsegulira nyumba zatsopano za pachipata cha Mchinji ndi Mwami, kuti wodutsa malire aziima kamodzi kokha m'malo mwa kawiri, ndipo ndi ntchito yabwino imene tiyenera kuiyamika. Koma amene wapindula nayo koposa ndi mathiraki a feteleza, a simenti ndi a chimanga. Katundu tam'lambulira njira. Munthu, amene kalembera wa 2018 adam'peza ali woposa 600,000 m'boma lino lokha, akali chikhalire m'mphepete.

Ndikaima pafupi ndi njanji imeneyi, udzu utamera pakati pa zitsulo, mbuzi zikudya mosatekeseka, mtima wanga upita ku thamanda la Betesda, kumene kudagona munthu wina wodwala zaka 38, madzi ochiritsa ali pafupi ndi mapazi ake, chosowa chake chili chimodzi chokha, ndicho munthu wom'fikitsa m'madzimo. Chifikire njanji ku Mchinji zapita zaka zoposa zimenezo. Ndidziwa kuti akatswiri adzati sitima ya anthu sibweza ndalama, ndipo mwina ali ndi mabuku otsimikiza; koma msewu wa tala nawonso subweza ndalama kwa amene adaumanga, ngakhale mlatho wa pa Bua, ndipo palibe adanenapo kuti tisaumange. Chimene ndipempha n'chakuti mlanduwo ufike pabwalo, umveke, uyankhidwe pamaso pa eni ake. Pakuti kufikira tsopano sindidamvepo kuti anthu a Mchinji adafunsidwa.

Pano ndipo pamene mwambi uja undiluma. Likulu la CAMA lili ku Blantyre, kutali ndi mapiri a Mchinji. Ndipo nkhoswe, ingakhale yanzeru chotani, singanene mlandu umene mwini wake sadaitulire. Tazolowera kudikira kuti wina alankhule pa wailesi, ife tivomereze ndi mutu tili pakhonde. Koma ululu wa msewu wa ku Mkanda nyengo yadzinja aumva ndi wa ku Mkanda. Ndipo ngati iye sadzuka pamphasa, amene ali ku Blantyre adzamva kubuula kokha, osadziwa kumene kuli khomo.

Kuti zimenezi n'zotheka, mboni zake ndi amayi a boma lomwe lino. M'zaka za m'ma 2000 ntchito ya MaiMwana idakhazikitsa magulu a amayi m'midzi ya Mchinji, kuti azikumana, nakambirana okha chimene chikupha amayi oyembekezera ndi makanda, nasankha okha chochita. Palibe adawauza yankho. Ndipo mwa zinthu zimene magulu ambiri adazitchula padali mtunda wa kuchipatala ndi kusowa chokwera. Nafunafuna njinga za ambulansi, zokoka kabedi ka matayala kumbuyo, nagwirizana za wozisunga, woziyendetsa usiku ndi ndalama yokonzera zikawonongeka. Zotsatira za ntchitoyo zidalembedwa m'magazini ya zaumoyo ya The Lancet mu 2013, ndipo anthu a m'mayiko akutali adaphunzirapo. Amayi amenewo sadadzitche bungwe la zamtengatenga, koma adachita ntchito yake yeniyeni: adamva m'mimba, nadzuka mumdima, napeza mpiringidzo. Ngati adatha kutero pa nkhani ya uchembere, chingaletse n'chiyani kuti pa Kamwendo, pa Kapiri, pa Mkanda ndi pa Boma pakhale kagulu ka okwera, ka alimi, aphunzitsi, amayi a geni ndi akabaza omwe, kolemba mitengo pachikwangwani pasiteji, kotula madandaulo kwa mafumu, ku komiti ya chitukuko ndi ku khonsolo, ndi kotumiza mawu kwa ankhoswe a ku Blantyre kuti akalankhula azilankhula ndi mayina a malo athu m'kamwa? Imeneyo ndiyo mphatso imene ndikadakonda kuti Mchinji apereke kwa bungwe limene lidakwanitsa zaka 30, yoposa nkhuku kapena lichero la mtedza.

Miyezi ingapo chichitikire ulendo uja ndidakweranso minibasi, tsono yochokera ku Lilongwe kubwerera kwathu, dzuwa litapendeka. Tili panjira kondakitala adalengeza kuti mtengo wakwera chifukwa kwada, ndipo amene adapereka ndalama yaikulu asayembekezere chenji. Kumpando wakumbuyo kudali gogo wina wamkazi, duku lake lofiira, dengu lopanda kanthu ali nalo pamiyendo, amene ndiyesa ankachokera kogulitsa. Iye sadakweze mawu. Adati, "Mwana wanga, pokwera paja udanditchulira mtengo ndi pakamwa pako, anthu awa akumva. Dzuwa lidali lomweli. Ndipatse zanga." Mnyamata uja adayesa kuseka, nati agogo asavute. Gogoyo adabwereza mawu omwewo, osawonjeza, osachotsa. Pamenepo bambo wina wa jekete adati, "Apatseni chenji chawo amayiwa." Mtsikana wa yunifolomu ya sukulu adati nayenso adamva mtengo woyambawo. Inenso, pokumbukira mfundo ya chitenje ija, ndidalankhula, mawu akunjenjemera. Dalaivala adayang'ana pagalasi, nanena kanthu kwa mnzakeyo motsitsa mawu, ndipo kondakitala adayamba kusolola ndalama pakati pa zala zake, kubweza mmodzimmodzi kuyambira kumbuyo.

Gogo uja adalandira zake, naziwerenga pa kuwala kotsala kwa pawindo, nazimanga pansonga ya chitenje. Adatsikira pasiteji ina yaing'ono tisanafike pa Boma, pamene panali mdzukulu wake akum'dikira ndi njinga, ndipo galimoto isananyamuke adatembenuka, nawerama pang'ono, nati kwa kondakitala yemwe uja, "Zikomo mwana wanga, muyende bwino." Mnyamatayo adam'tsitsira dengu lake ndi manja awiri, nakoka chitseko.